Kufa ndi Kuphedwa

M'Chichewa timasiyanitsa "mbale yasweka" ndi "mbale yaswedwa". Mneni woyambayo sautsa mlandu, pomwe wachiwiriyo amafuna kuti woswayo adziwike. Mtsutso wa imfa zodza ndi dzanja la apolisi wagona pa kusiyana kumeneku.

Pa 2 Seputembala 2004 apolisi a ku Zimbabwe adapita kukasamutsa anthu a pa Porta Farm, m'chigawo cha Mashonaland West, ngakhale khoti lalikulu lidali litaletsa. Adaomba utsi wokhetsa misozi m'nyumba za anthu. Bungwe la Amnesty International lidati anthu 11 adamwalira, kuphatikizapo makanda, koma apolisi adakana.

Tsono mlandu ngwa yani? Woomba amati adangotumidwa, wotuma amati sadagwire mfuti, mapeto ake imfa imasanduka yamasiye. Komatu kutumidwa sikuchotsa chikumbumtima, ndiponso kukhala kutali sikuyeretsa wolamula. Onse awiri ngoyenera kuyankha, ndipo osati kwa apolisi anzawo, pakuti fisi saweruza mlandu wa mbuzi.

Ndime 210 ya malamulo aakulu a 2013 idalamula kuti pakhale njira yoima payokha yolandirira madandaulo okhudza achitetezo. Lamulo lake lidadza mu 2022, makomishonala nkulumbira mu 2024. Muyeso wake tidzauonera pa wantchito wa pafamu, mdzukulu wa Mmalawi, wosowa ngakhale chitupa. Akadzati "adaphedwa", kodi bungwelo lidzafunsa kuti "ndi yani"?