Anacimwa Ndani? Za Odwala Shuga Ciyambire Ubwana



Mu Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 9, ophunzira anaona munthu wosaona cibadwire, nafuna kudziwa amene anacimwa, kaya iyeyo kaya makolo ace. Ambuye Yezu anakana zonse ziwiri. Koma funso lija likali pakamwa pathu. Mwana akayamba kuonda, kumva ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse, pabanja alozana cala, ena nathamangira kwa woombeza ula. Masiku apita, mwana nakomoka.

Kawirikawiri nthenda imeneyi ndiyo shuga wa mtundu woyamba. Sidza ndi ufiti, ndipo sidza cifukwa mwana anadya nzimbe zambiri. Citetezo ca m'thupi cimaononga mbali ya kapamba imene ipanga insulini, ndipo popanda insulini shuga angodzaza m'magazi, thupi liri kufa ndi njala. Kale odwala otere anali kufa msanga. M'caka ca 1921, ku Toronto, Banting ndi Best anapeza insulini, ndipo mu 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anayamba kulandira jekeseni, nakhala moyo.

Komatu jekeseni sicotsa mtanda wonse. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri, amadya timitsempha ta magazi mwakacetecete, monga ciswe m'nsanamira ya nkhokwe. Maso acita khungu, impso zilefuka, mtima ufooka. Mapazi acita dzanzi, kotero kuti munthu aponda munga osamva, cilonda nicikula, mpaka ena adulidwa mwendo akali anyamata. M'caka ca 2021 odwala otere anali pafupifupi 8.4 miliyoni pa dziko lonse. Akatswiri anawerengera kuti mwana wopezeka ndi nthendayi ali ndi zaka 10 angakhale zaka zina 65 m'dziko lolemera, koma 13 zokha m'dziko losauka. Nthenda ndi yomweyo, thupi ndi lomwelo. Cosiyana ndi mankhwala ndi cisamaliro. Apa, ngati tifuna chimo, tilifune pakati pa ife amoyo wabwino.

Zobvuta izi zingathe kucedwetsedwa. Kafukufuku wa odwala 1,441 ku America ndi Canada, amene anatha mu 1993, anaonetsa kuti oyeza magazi kawirikawiri ndi kubaya insulini mosamala anacepetsa kwambiri kuonongeka kwa maso, impso ndi mitsempha.

Tsono inu aphunzitsi a m'mipingo, mverani bwino. Wodwala asaleke jekeseni ngakhale tsiku limodzi cifukwa wina wamuuza kuti wacira ndi mapemphero. Pakangopita masiku owerengeka angathe kukomoka ndi kufa. Eklezia sakakamiza odwala kusala cakudya, ngakhale pa Lacitatu la Phulusa kapena Lacisanu Loyera, ndipo wodwala angathe kulandira Ukaristia ngakhale wangodya kumene. Ndaonapo akristu a cikumbumtima cabwino akudzizunza pa ici mosafunika.

Mukaona wodwala ali kunjenjemera pa Misa, thukuta liri kamukamu, nalankhula zosamveka, musamuyese woledzera. Shuga wace watsika. Ngati angathe kumeza, mpatseni madzi a shuga pomwepo. Ngati wakomoka, musamthire kanthu m'kamwa, mumnyamule kupita naye ku cipatala. Ndipo pocezera odwala m'midzi, funsani ngati maso anapimidwa caka cino, ndi kuwapempha abvule nsapato kuti muone kunsi kwa mapazi.