Macheka Safunsa, Nanga Mmisiri?

Munthu akamadutsa mumsewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga m'dziko la Zambia, maso amakhuta: mabedi, zitseko, mageti ndi mafelemu a mawindo zili ndandanda m'mphepete mwa msewu. Kumsika wa Buseko, kufupi ndi Matero, matabwa ali milumilu kudikira ogula. Amisiri ambiri a m'makomboni amadula chitsulo ndi gilayinda, thabwa ndi sowo yamanja kapena yozungulira, koma amene bizinesi yamuyendera amalakalaka band saw.

Makinawa ndi lamba wachitsulo wa mano, wolumikizidwa nsonga ndi nsonga, amene amazungulira pa mawilo awiri. William Newberry wa ku England ndiye analembetsa luso limeneli mu 1809. Pocheka thabwa, mmisiri amaika lamba wa mano akuluakulu otalikirana, makina n'kumathamanga. Pocheka chitsulo amaika wa mano ang'onoang'ono, amachepetsa liwiro, ndipo nthawi zambiri amathira madzi oziziritsa kuti mano asapse. Popeza lambayo ndi wopyapyala, satafuna mtengo wambiri: utuchi umachepa, matabwa amachuluka.

Koma macheka amenewa sasankha. Amacheka paini wodzalidwa m'minda ya ku Copperbelt monga momwe amachekera mukwa wodulidwa usiku m'nkhalango yotetezedwa. Amadula chitsulo chogulidwa m'sitolo monga momwe amadulira chozulidwa panjanji kapena pansanja ya magetsi. Ndiye katundu wakuba akasanduka bedi kapena geti, tchimo limakhala pa yani?

Mneneri Yesaya, pa mutu 10 ndime 15, anatchula nkhwangwa ndi macheka podzudzula mfumu ya Asuri, pofuna kuonetsa kuti chida sichingadzikuze kuposa wochigwira. Ngati chida sichilandira ulemu, sichingasenzenso mlandu. Zonse ziwiri zimabwerera kwa munthu.

Vuto ndi lakuti anthu ake ndi ambiri. Pali wogwetsa mtengo, woyendetsa lole, wotsegula njira pa rodibuloko, wogulitsa pamsika, kalipentala, ndi mayi wogula kabati. Aliyense amaloza mnzake. Nkhani ya mukula inaonetsa zimenezi poyera. Mitengoyi inkapita ku China mochuluka kwambiri moti boma la Zambia linaletsa malonda ake mu 2017, ndipo mu 2019 mayiko a m'pangano la CITES, Malawi atapempha, anaika mukula pamndandanda wa mitengo yosagulitsidwa kunja popanda chilolezo. Zipika sizinadzikweze zokha m'malole.

Kalipentala wa kukomboni ya Chawama kapena ya George ali ndi yankho lomveka. Lendi ikumudikira, ana akufuna chakudya, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, makina ankakhala duu maola ambiri chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Thabwa lotchipa likabwera, kufunsa kumene lachokera kuli ngati kuthamangitsa nsima. Kunena zoona, mlandu wake sungafanane ndi wa mwini malole amene amalemera ndi nkhalango yonse. Pa Luka 12 ndime 48, Yesu anaphunzitsa kuti Mulungu amayembekezera zochuluka kwa amene anapatsidwa zochuluka.

Komabe kuchepa kwa mlandu sikufafaniza mlanduwo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mmisiri wozolowera ntchito amazindikira mukwa ndi maso, amadziwa chitsulo cha njanji pongochinyamula, ndipo mtengo wake ukatsika mokayikitsa mtima umamuuza. Malamulo a Zambia nawonso amalanga munthu wolandira katundu akudziwa kuti ndi wakuba. Pa Genesis 2 ndime 15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda, kulima ndi kusamalira, ndipo Papa Francis anakumbutsa zomwezo m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015.

Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu ndi pulezidenti wa nthawiyo, Frederick Chiluba, pa 29 December 1991, ndipo mabenchi a m'matchalitchi a ku Kanyama ndi Mtendere amachokera m'manja mwa amisiri omwewa. Mipingo ndi ogula aakulu. Komiti ya tchalitchi ikamaitanitsa mabenchi, guwa kapena geti, ifunse kumene matabwa ndi zitsulo zachokera, ndipo ivomere kulipira mtengo woti mmisiri athe kukana katundu wakuba.