Mpanda wa kumanda umatchinga ndani?

Pamene tikuyandikira pa 2 Novembala, tsiku lopempherera abale athu onse amene anatisiya, ndakhala ndikudzifunsa kuti mpanda wa kumanda umatchinga ndani, poti akufa sathawa.

Makolo athu sankaumba njerwa za manda. M'madera ambiri ankangosiya mitengo kuti ikule, ndipo aliyense ankadziwa kuti m'nkhalango imeneyo salowamo ndi nkhwangwa. Mpanda wake unali ulemu, ndi mantha pang'ono. M'tauni ulemuwo ukuchepa. Mbuzi zikudya pamitumbira, anthu akudutsa njira yachidule, wina wayamba kukumba maziko a nyumba m'mphepete. Malamulo a Mpingo a 1917 ankati manda onse akhale otchingidwa bwino ndi osamalidwa, pakuti thupi limene linabatizidwa ndi kulandira Ukaristia likudikira kuuka. Akhristu oyamba ankatchula manda ndi mawu a Chigiriki otanthauza malo ogona, ndipo munthu akagona timamutsekera chitseko.

Koma malamulo omwewo ankatinso pakhale malo ena padera, otchingidwanso, oikako anthu amene amanidwa maliro a Mpingo, monga odzipha dala. Apa mpanda unayamba ntchito ina, yosankha akufa. Malamulo a 1983 anachotsa odzipha pa mndandandawo, komabe ife sitinasinthe kwenikweni. Taganizani mmene timanong'onezanira pa maliro otere, akwaya ataperewera, mayi a malemu atakhala okha pamphasa.

Kusankha akufa si kwachilendo kuno. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana pano pa Karonga, ndipo Azungu a mbali zonse ziwiri agona m'manda a nkhondo, mayina awo ali pamiyala. Nanga asilikali akuda amene anafa tsiku lomwelo, ndani mwa ife angaloze mitumbira yawo? Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu ambiri a mu Africa amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe mofanana ndi Azungu.

Ambuye Yesu anafera kunja kwa chipata cha Yerusalemu, naikidwa m'manda a mwini, a Yosefe wa ku Arimatea. Mphakati wathu ukadzati tisonkhe ya simenti, ine ndidzasonkha nawo, chifukwa mbuzi ndi olanda malo alipodi. Ndikungopempha kuti poyeza malire tidzayambe tafunsa amene atsale kunja. Ndipo bambo mfumu akamadzadalitsa manda pa tsikulo, tidzawaperekeze mpaka ku mitumbira ya kumapeto ija, yopanda mtanda.