Mbale imene timanyamula pokaona odwala

Mwezi uno tiwerenge Marko 5:35-43. Yesu atamudzutsa mwana wa Yairo, anthu onse anangoti kakasi, koma Iye sanaiwale kuti mwanayo ali ndi njala. Analamula kuti ampatse chakudya. Chozizwitsa anachita ndi Ambuye, koma kuphika anawasiyira a m'nyumbamo. Ntchito imeneyi ikadali m'manja mwathu.

Lero tiganizire abale athu amene ali ndi khansa ya m'magazi yotchedwa chronic lymphocytic leukemia. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu opitirira zaka 60, ndipo kawirikawiri amayenda pang'onopang'ono. Sapatsirana, komanso si ufiti. Asilikali a m'thupi amachuluka mopitirira muyeso, koma ambiri mwa iwo sadziwa kumenya nkhondo. Nchifukwa chake wodwala amadwaladwala, amafooka, amatuluka mwanabere m'khosi kapena m'khwapa. Kapamba akatupa amapanikiza chifu, ndiye munthu amakhuta atangodya pang'ono.

Tsono tikapita kukamuona, m'mbale mwathu mukhale chiyani?

Choyamba, ukhondo. Kachilombo kamene ife sikangatigwetse, iye kangamugoneke m'chipatala. Tisambe m'manja ndi sopo tisanaphike. Madzi akumwa tiwawiritse kapena tithiremo mankhwala. Nyama, nsomba ndi mazira zipse ndithu, mkaka wa kukhola uwire, zipatso tizitsuke ndi kuzisenda. Ndiwo zogona tisamupatse, ngakhale mtedza wachuku. Ndipo ngati tili ndi chimfine, titume mnzathu, ife timupempherere tili kwathu.

Chachiwiri, zakudya zakasinthasintha. Tikumbukire magulu 6 aja amene timaphunzitsana: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nsima yokha siimanga thupi. Usipa, nyemba, nandolo, bonongwe kapena chisoso chotendera, papaya, nthochi ndi mapeyala, zonsezi Mulungu anatipatsa pafupi, sizilira kuti munthu akhale wolemera.

Chachitatu, pang'onopang'ono. Tisamuunjikire mitanda itatu n'kumamukalipira kuti sakudya. Kuli bwino adye kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, pang'ono nthawi iliyonse: phala lothira nsinjiro m'mawa, mbatata, dzira lowiritsa, chipatso. Azimwanso madzi okwanira. Tikaona kuti akuwonda, kapena thupi latentha, tithamangire naye kuchipatala osachedwa.

Chachinayi, tisamale ndi mankhwala. Amene akumwa ibrutinib kapena venetoclax asadye manyumwa kapena kumwa madzi ake, chifukwa amachititsa kuti mankhwalawo achuluke m'magazi kuposa mmene dokotala anafunira. Zitsamba nazonso zikhoza kulimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Ngakhale mapiritsi owonjezera magazi tisangogula tokha, pakuti kuchepa kwa magazi pa matenda awa nthawi zambiri kumachokera ku khansayo. Tifunse kaye adokotala.

Amayi, tinene zoona. Palibe chakudya chimene chimachiza khansa imeneyi. Wina akabwera ndi botolo n'kumati siyani zakuchipatala, timukanize, ngakhale atatchula dzina la Mulungu. Chakudya chabwino chimampatsa wodwala mphamvu zopirira matenda ndi mankhwala, ndipo zimenezo si zazing'ono. Ikafika Lenti, tisamuumirize kusala kudya. Mulungu amene anadyetsa Eliya atalefuka m'chipululu safuna kuti wofooka adzipweteke.

Pomaliza, tisangotula mbale n'kumapita. Tikhale pansi, tidye naye, ticheze naye, pakuti chakudya chimalowa bwino pamene pali anzako. Sabata ino gulu lililonse lifufuze wodwala amene alibe womuphikira, tigawane masiku.

Tipemphere. Ambuye Yesu, dalitsani manja athu ndi miphika yathu. Limbikitsani odwala onse ndi amene akuwasamalira, ndipo mutiphunzitse kutumikira mwanzeru ndi mwachikondi. Amen.