MLENDO WOLIPIRA NDI MADZI A ONSE

Nyengo ya kugulitsa fodya ikafika kuno kwa Kaluluma, pali mau amodzi amene amveka kawirikawiri pa sitolo, m'nyumba ya tiyi, ndi m'nyumba zogona alendo ku Kasungu. Mauwo ndi akuti, "Ndalipira." Munthu akatero ayesa kuti mlandu watha: akhoza kulalatira wanchito, kusokosera anzace ogona, ndi kusiya zonyansa pamene anakhala. Tiyeni tsono, abale, tilingirire funso ili: kodi munthu akalipira wagula ciani, ndipo cimene sanagule nciani?

Kuti tiyankhe bwino, tibwereke citsanzo ca kutali. Ena a ife anafikako ku Nkhotakota, naona madzi a ku Mawira, amene aturuka pansi ali otentha popanda wosonkhezera moto. Otere alikonso ku Chiweta m'boma la Rumphi, ndi ku Liwonde. Madziwo ndi a mvula, amene alowa m'ming'alu ya miyala kufikira pansi penipeni pamene pali potentha, nabwereranso pamwamba asanazizire. Dziko la Japan, pokhala la mapiri ophulika moto, liri nao akasupe otere zikwi zambiri. Eni ace awacha onsen, ndipo pambali pa akasupewo anamanga nyumba za alendo zimene azicha ryokan. Imodzi ya izo, dzina lace Keiunkan, m'cigawo ca Yamanashi, inayamba kulandira alendo m'caka ca 705, ndipo banja limodzi linaisunga mibadwo 52 kufikira 2017.

Mlendo wa m'nyumba zotere alipira ndarama zambiri, ndipo amcitira ulemu waukuru. Amkonzera cakudya ca madzulo ndi ca m'mawa, namyalira pogona pansi, pa mphasa zao zolukidwa bwino. Koma taonani zimene iyenso ayenera kucita. Pakhomo abvula nsapato zace. Ampatsa mwinjiro wa thonje wonga wa alendo ena, kotero kuti mwini cuma sadziwika ndi zobvala. Ndipo lamulo loposa onse ndi ili: asanalowe m'dziwe la madzi otenthawo, akhale pa kampando pambali, asambe thupi lonse ndi sopo, natsukuluze bwino. M'dziwemo sopo salowamo, ngakhale kansaru kace kopukutira sakabviikamo. Pakuti dziwelo si lotsukiramo litsiro, koma lopumuliramo, ndipo madzi ace ndi a onse.

Wina adzati, "Kodi kumeneko si kumsautsa mlendo? Ndarama ndi zace, anazikhetsera thukuta." Mau awa sitiwapeputsa. Ife tidziwa zowawa za fodya: kuthirira nazale pa dzuwa la Okutobala, kuwokera mvula iri pamsana, kuthyola, kusoka, kupacika m'cigafa, kusankha masamba, kudinda mabelo, ndi kulindira ku Chinkhoma mtima uli m'mwamba. Munthu wocita zonsezi akafuna kupumula masiku awiri, nagona pabwino, nadya cokoma, sanacimwe ai. Mulungu mwini anaika tsiku la kupumula.

Koma tisiyanitse zinthu. Ndarama zigula cipinda, cakudya, ndi nthawi ya kukhala m'madzi. Madziwo sizigula, pakuti mwini nyumba sanawatenthetse ndiye. Anawapeza akuturuka, monga makolo ace anawapeza. Sizigulanso mlendo mnzace, amene walipira monga iye, kapena wanchito, amene wagulitsa nchito ya manja ace, koma ulemu wace sanaugulitse. Ndipo tiganize ici: alendo khumi akanena yense payekha, "Ndalipira, ndilowa ndi litsiro langa," onse khumi adzakhala m'thope, ndipo palibe mmodzi adzalandira cimene analipirira. Potero lamulo lija silimlanda mlendo kanthu, koma ndilo limsungira cimene anadzera. Wosamba poyamba acitira cifundo munthu amene sadzamuona nkhope, wodzalowa pambuyo pace. Iyenso wapeza madzi oyera cifukwa wina amene samdziwa anamcitira comweco.

M'buku laciwiri la Mafumu tiwerenga za Namani, kazembe wa nkhondo wa Aramu, amene anadza kwa Elisa ndi siliva, golidi ndi zobvala, pofuna kucira khate lace. Mneneri sanaturuke kukamlonjera, koma anangomtumira mau akuti akasambe m'Yordano kasanu ndi kawiri. Namani anapsa mtima, poyesa kuti munthu wamkuru ndi wacuma monga iye ayenera kuciritsidwa m'njira yina yolemekezeka. Anacira pamene anatsikira m'madzi monga munthu wamba, ndipo mphatso zace zonse Elisa anazikana. Cimene Namani anasowa koposa sicinali pa malonda.

Ambiri a ife sitidzaona Japan, koma dziwe lotere tiri nalo pathu pano. Ndilo mjigo wa m'mudzi. Mjigo ukaonongeka tisonkha ndarama, ndipo wina apereka zoposa anzace, tithokoza. Koma kodi pamenepo walandira ufulu wa kupitirira nkhalamba pa mzere, kapena kucapira pa mpopi pomwe, kapena kumwetsa ng'ombe zace pamene ana atunga? Iai. Cimodzimodzi iye amene anagula malata ambiri a chalichi sanagule mpando wa kutsogolo, ndipo kholo lolipira za sukulu silinagule mphunzitsi. Kupereka kwakukuru kuyenera ciyamiko, koma madzi akhalabe a onse.

Akuru anati, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza." Caka cino fodya akagulidwa, ena a ife tidzagona m'nyumba za alendo tiri ndi ndarama m'thumba. Timlonjere wanchito monga tilonjera mwana wa mbale wathu, titsitse mau usiku, ndipo cipinda ndi posambira tizisiye monga tikadakonda kuzipeza. Ndipo mau aja akuti "Ndalipira" akafika pakamwa, tiyambe tadzifunsa ngati cimene tifuna kucitaco ciri m'gulu la zinthu zogulika.