Tirigu Wolowa Pakamwa, Tirigu Wolowa Pamphuno

Pali chinthu chimene madokotala a matenda a m'chifuwa anachizolowera, koma ine ndikachiganizira ndimagwira pakamwa. Munthu wa mu bekale, amene wakhala zaka akukhuthula matumba a fulawa m'bandakucha, amatha kuyamba mphumu chifukwa cha fumbi la fulawayo. Zimayamba ndi kuyetsemula ndi maso oyabwa. Pakapita miyezi kapena zaka chifuwa chimathina, mpweya n'kumatuluka molira, usiku kukhala kutali. Akapita kutchuthi kumudzi amapeza bwino, akabwerera kuntchito zimayambiranso. Koma munthu yemweyo, ikakwana nthawi ya tiyi, amanyema buledi wotentha wa fulawa womwewo n'kudya mpaka kukhuta, popanda chomuchitikira. Ambiri odwala mphumu ya mu bekale amadya buledi bwinobwino.

Moto wa mu uvuni umasintha ena mwa mapuloteni a tirigu, ndipo madzi a m'mimba amaphwanya ena. Komabe nkhani yaikulu ili pa njira imene tirigu walowera. Thupi limasiyanitsa mlendo wofika pakhomo n'kunena odi ndi wina wolowera pawindo, ngakhale nkhope yawo ikhale imodzi.

Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba kale za zimenezi m'buku lake lonena za matenda a anthu ogwira ntchito, limene linatuluka mumzinda wa Modena mu 1700. Anaona kuti ophika buledi ndi opera tirigu ankatsokomola, ankasasa mawu, ankabanika. Iye ankaganiza kuti ufa ukakumana ndi malovu umasanduka phala lomata limene limatseka njira za mpweya. Chifukwa chake sichinali chimenecho, koma maso ake anaona zoona, ndipo anasiyira madokotala anzake malangizo amene sanathe ntchito mpaka pano, akuti wodwala aliyense azimufunsa ntchito imene amagwira. Masiku ano fumbi la fulawa likadali pakati pa zinthu zikuluzikulu zoyambitsa mphumu ya kuntchito ku Britain ndi ku France. Nthawi zina cholakwa si tirigu yekha: m'fulawa amathiramo mankhwala ofewetsa buledi ochokera ku nkhungu, ndipo m'matumba osungidwa nthawi yaitali mumaswana nthata zosaoneka ndi maso.

Tiyeni tiime kaye pa mapapo enieniwo, chifukwa kaumbidwe kake n'kochititsa nthumanzi. Munthu wamkulu amapuma pafupifupi ka 20,000 pa tsiku, ndipo mpweya umene umalowa ndi kutuluka umakwana malita 10,000, ndiye kuti zidebe 500 za malita 20. Kuchokera pakholingo, njira ya mpweya imagawika pawiri, iliyonse n'kugawikanso pawiri, mpaka ka 23, ikucheperachepera, kufikira pa timatumba ting'onoting'ono tokwana pakati pa 300 miliyoni ndi 500 miliyoni. M'timatumbamo, chimene chimalekanitsa mpweya ndi magazi ndi kakhungu kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Palibe malo ena m'thupi pamene za kunja zimayandikira magazi athu chotere. Utsi wa mbaula, fumbi la mumsewu, ufa wa pachigayo, zonse zimalowera kumeneko.

Nchifukwa chake Namalenga sanasiye njirazi zopanda chitetezo. M'kati mwake munayalidwa madzi onanda ogwira fumbi, ndipo pansi pake pali tiubweya tosawerengeka timene timakupiza koposa ka 10 pa sekondi iliyonse, tonse kulozera kumtunda. Usana ndi usiku timakankha zonyansa mpaka kummero, ife n'kumeza osadziwa n'komwe. Kunja kwa kanjira kalikonse kunazengedwa minofu yotha kufinya kanjirako. Mwa wodwala mphumu, minofuyi imafinya mopitirira, khungu la m'kati limatupa, makhololo n'kuchuluka. Ndipo pali lamulo la kayendedwe ka madzi ndi mpweya m'mapaipi, limene dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, anafotokoza cha m'ma 1840: kanjira kakachepa ndi theka, pamafunika mphamvu yowirikiza ka 16 kuti mpweya wofanana udutse. Amene anakhalapo pambali pa mwana wobanika, nthiti zikulowa m'kati, akudziwa tanthauzo la nambala imeneyi kuposa wophunzira aliyense. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ochuluka a iwo m'mayiko osauka.

Nanga n'chiyani chimauza minofu ija kuti ifinye ikamva fulawa? Mu 1878, Paul Ehrlich wa ku Germany, ali wophunzira wa zaka 24, anaona pa maikulosikopu maselo odzaza timibulu, amene amakonda kukhala pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Panadutsa zaka pafupifupi 90 kuti chowadzutsa chidziwike. Mu 1966 Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko, akugwira ntchito ku Denver, ndiponso chaka chotsatira Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala, anapeza tizida ta m'magazi timene pano timatchedwa IgE. Mwa tizida tonse ta mtundu wake, iti ndiye tochepetsetsa m'magazi. Timamatirira pa maselo a Ehrlich aja, kalikonse kakudikira chinthu chimodzi chokha chimene kanapangidwira. Chinthucho chikangofika, maselowo amakhuthula mankhwala ake, kuphatikizapo histamine, ndipo m'mphindi zochepa munthu amayabwidwa, amatupa, amatuluka mamina, amatsokomola.

Zonsezi zinaikidwa ndi cholinga. Kuyabwa, kutsokomola, kufinya ndi kutsegula m'mimba ndi njira zotulutsira mdani wamkulu amene asilikali a m'thupi sangathe kumumeza, monga njoka za m'mimba ndi tizilombo ta likodzo. Mu 2000 ofufuza amene anayeza ana a sukulu ku Gabon anapeza kuti ana odwala likodzo khungu lawo silinkatupa kawirikawiri akaliyesa ndi nthata za m'fumbi la m'nyumba, poyerekeza ndi anzawo opanda likodzo. Likodzo ndi matenda owononga chikhodzodzo ndipo liyenera kuchizidwa, pamenepo palibe kukambirana. Koma kafukufukuyo akutikumbutsa kuti chida chimene chimabanikitsa wophika buledi ndi chomwecho chimene chateteza ana osamba m'nyanja ndi m'madambo kuyambira makedzana.

Kwa ine, chodabwitsa choposa zonsezi chili m'matumbo. Tsiku lililonse timalowetsa m'thupi zinthu zachilendo zambirimbiri: chimanga, nyemba, usipa, mazira, mtedza, mandasi. Mapuloteni ake si athu. Atabayidwa m'magazi, ena a iwo angatidwalitse koopsa. Asilikali a m'thupi ambiri amakhala m'mbali mwa matumbo momwemo, ndipo amaona zonse zikudutsa. Koma amakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneku amachita kuphunzira. Mu 1911 Gideon Wells wa ku Chicago anaonetsa kuti mbira zimene zinayamba zadyetsedwa mapuloteni a dzira sizinkadwala zikabayidwa mapuloteni omwewo pambuyo pake. Matumbo amatenga tizidutswa ta chakudya n'kukationetsa kwa maselo ena amene ntchito yawo ndi yoletsa nkhondo, ndipo uthenga umafalikira thupi lonse kuti ichi n'chakudya. Anthu mabiliyoni amadya katatu pa tsiku mtendere umenewu osasokonekera, ndipo palibe amene amakumbukira kuthokoza chifukwa cha iwo.

Zimene zinachitika ku Japan zinaonetsa mbali inayo. Kumeneko kunatchuka sopo wosambira kunkhope amene anathiramo mapuloteni a tirigu ophwanyidwa. Anthu oposa 2,000, ambiri azimayi, amene anakula akudya tirigu popanda vuto, anayamba kutupa zikope akadya buledi, ena mpaka kukomoka. Tirigu anali atalowera m'maso, m'mphuno ndi pakhungu tsiku ndi tsiku, thupi n'kumutenga ngati mdani. Sopoyo anachotsedwa pamsika mu 2011, ndipo ambiri atasiya kumugwiritsa ntchito anayamba kupeza bwino pang'onopang'ono. Ku London nako, kafukufuku amene Gideon Lack anatsogolera pa makanda 640, n'kutuluka mu 2015, anapeza kuti ana oyamba kudya za mtedza ali aang'ono anachepetsa ndi pafupifupi 80 peresenti mpata woti thupi lawo lidzadane ndi mtedza. Mayi amene amathira nsinjiro m'phala la mwana wa miyezi 6 amakhala akuonjezera zomanga thupi, komanso akuphunzitsa matumbo a mwanayo.

Mapapo ndi matumbo n'zapachibale kuyambira pachiyambi. M'sabata yachinayi ya pakati, mwana akadali wa mamilimita ochepa chabe, pa kanjira kamene kadzakhale mmero ndi matumbo pamatuluka kamphukira. Kamphukira kameneko ndi kamene kamagawika n'kudzakhala mapapo. Ndipo ubalewo sutha munthu akabadwa. Mu 2014 ofufuza a ku Lausanne, ku Switzerland, anadyetsa mbewa chakudya chokhala ndi zinthu zimene mimba siitha kugaya payokha, zonga zimene ife timapeza m'madeya, m'makoko a nyemba ndi m'masamba. Mabakiteriya a m'matumbo anadya zimenezo n'kutulutsa timankhwala timene tinalowa m'magazi, kukafika m'mafupa momwe maselo a chitetezo amapangidwira, ndipo mapapo a mbewazo sanatupe kwambiri zitapuma fumbi la nthata. Mbewa si munthu. Koma kafukufuku wamkulu wa ISAAC, amene anafunsa za ana pafupifupi 500,000 m'mayiko oposa 50, anapeza mu 2013 kuti ana odya zakudya zogula zokazingakazinga katatu kapena kuposa pa sabata ankapezeka kwambiri ndi mphumu yoopsa, pamene odya zipatso pafupipafupi ankapezeka nayo mochepa. Kunenepa kwambiri nako kumakulitsa mphumu, ndipo mankhwala osungira vinyo ndi zipatso zouma amabanikitsa odwala ena. Choncho mgaiwa, khobwe, nandolo, bonongwe, chisoso ndi magwafa si zakudya zozipeputsa.

Apa ndiyenera kunena mosapita m'mbali, chifukwa ndimamva chisoni ndikaona mwana wa mphumu akumanidwa mazira, mkaka, nthochi, buledi, ichi ndi icho, mpaka kuwonda. Si kawirikawiri kuti chakudya chokha chiyambitse kubanika popanda zizindikiro zina. Zobanikitsa zenizeni nthawi zambiri zimakhala chimfine, utsi wa nkhuni ndi fodya, fumbi, mphemvu, nkhungu ya m'makoma ndi mphepo yozizira ya mu Juni. Munthu amene thupi lake limadanadi ndi tirigu wodya, zimaoneka msanga, pasanathe maola awiri: zidzolo zoyabwa, milomo kutupa, kusanza, kenako chifuwa kuthina. Ambiri otere ndi ana, ndipo ochuluka zimawathera akamakula. Palinso mtundu wina wozizwitsa. Munthu amadya buledi osadwala, amathamanga osadwala, koma akadya buledi kenako n'kuthamanga kapena kugwira ntchito yolemetsa, amatupa n'kugwa. Ofufuza a ku Helsinki anapeza mu 1999 kuti choyambitsa ndi mapuloteni a tirigu otchedwa omega-5 gliadin, ndipo mowa kapena asipirini zimatha kuchita zomwe kuthamangako kumachita. Munthu wa mphumu amene alinso ndi vuto lotere la chakudya ndiye ali pangozi yaikulu kuposa ena, ndipo ameneyu ayeneradi kupewa chakudyacho. Koma chimenechi n'chogamula dokotala atamva mbiri yonse, osati mantha a pakhomo.

Tirigu nayenso sitingamunyoze. Anayamba kulimidwa ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo tirigu wa buledi anabadwa mwa kukwatirana kwa mitundu itatu ya udzu. Malangizo a kakulidwe kake olembedwa m'maselo ake ndi aatali kasanu kuposa a munthu. Mwa mphamvu zonse zimene anthu padziko amapeza m'chakudya, gawo limodzi mwa magawo asanu limachokera kwa iye. Kuno amalimidwa pang'ono m'malo ozizira monga ku Tsangano ndi ku Neno, wochuluka amachita kuitanitsidwa kunja, ndipo mabekale, masikono ndi mandasi zikuchulukirachulukira m'matauni ndi m'misika. Ndiye kuti akuchulukanso anyamata ndi atsikana opuma fulawa tsiku lonse m'tizipinda topanda mawindo. Kukhuthula thumba mosamala, kukolopa ndi madzi m'malo mosesa pouma, ndi kutsegulira mphepo kungapulumutse mapapo awo. Wantchito amene amabanika kuntchito n'kumapeza bwino Lamlungu apite kuchipatala msanga akanene zimenezo, chifukwa amene wachotsedwa m'fumbimo mofulumira ndi amene amachira bwino.

Ndipo akafika kumeneko, mankhwala amene adzalandire ali ndi mbiri yawonso yochititsa chidwi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kolemera pafupifupi magalamu 5. M'kati mwake mumapangidwa adrenaline, amene Jokichi Takamine wa ku Japan anamupatula mu 1901, ndipo mpaka lero ndiye jakisoni wopulumutsa munthu amene watupa n'kubanika atadya chodana nacho thupi lake. Salbutamol, mankhwala a m'kopopera ka buluu kamene kanayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1969, anapangidwa motsanzira adrenaline yemweyo. Mbali yakunja ya kachiwalo komweko imapanga cortisol, wozimitsa kutupa, ndipo mankhwala a m'kopopera ka bulauni anatengera iye. Akatswiri anachita kukaonera zimene Mlengi anaika kale m'thupi la wodwalayo. Ka buluu kamatsegula njira m'mphindi zochepa munthu akabanika, koma ka bulauni ndi kamene kamachotsa kutupa kwa m'kati, ndipo kayenera kupumidwa tsiku ndi tsiku monga dokotala wanenera, ngakhale masiku amene munthu akupeza bwino.