Kalata kwa mpingo: masewero a pa kanema ndi chizolowezi cholozana zala

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumatsatira masewero a pa kanema, makamaka aja amene amatha wina atavulazidwa koma wolakwa osadziwika. Mawa lake nkhani imakhala yomweyo pa mjigo, m'minibasi ndi pa WhatsApp, aliyense ali ndi wake womuganizira. Sindikukuletsani, pakuti kupuma ndi kusangalala ndi mphatso ya Mulungu. Koma pali kanthu kena kamene kamandivuta mumtima.

Pa 21 Malichi 1980, nthawi yomwe kuno kwathu kunalibe n'komwe wailesi ya kanema, sewero la ku America lotchedwa Dallas linatseka chigawo chake cha nyengo imeneyo ndi mfuti. J.R. Ewing, mwini chuma cha mafuta, munthu wachinyengo yemwe anali ndi adani ponseponse, anawomberedwa mu ofesi yake usiku, ndipo wowomberayo sanaoneke. Owonera anadikira miyezi 8. Anthu ankabetcherana ndalama pa dzina la wolakwa, ena ankavala malaya olembedwa kuti anawombera ndi iwo. Opanga seweroli anajambula osewera angapo aliyense akuwombera, kuti ngakhale oseweranso asadziwe yankho. Litafika tsiku la 21 Novembala, anthu pafupifupi 83 miliyoni ku America kokha anakhala pansi kuti aone amene anawombera.

Amene ndikufuna kuti timuyang'ane ndi Sue Ellen, mkazi wa J.R. Mayiyu anali chidakwa, banja lake linali la ndewu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwamuna wake ankamuzunza. Mfuti itapezeka, inali ndi zidindo za zala zake. Anamangidwa. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti nayenso anayamba kukhulupirira kuti mwina anachitadi ataledzera. Chonsecho wowombera anali mng'ono wake, Kristin Shepard, amene anabisa mfutiyo mwadala kuti mlandu ugwere mkulu wakeyo. Mbiri yoipa ya Sue Ellen ndiyo inapangitsa kuti bodza limveke ngati zoona.

Abale anga, pa kanema pamakhala wolemba amene akudziwa yankho, ndipo tsiku lina amamuyeretsa wosalakwayo. M'mudzi mwathu wolemba wotereyo mulibe. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, maliro asanatuluke n'komwe timayamba kunong'onezana kuti "izi si zachabe, alipo wachita." Ndiye maso onse amagwera gogo uja wokhala yekha, wosayankhula bwino, amene anakanganapo ndi bambo a mwanayo za malire a munda. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu okalamba 4 anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Amene anawapha sanali alendo. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Ndipo si za ufiti zokha. Ndalama ya chigwirizano cha amayi ikapanda kukwana, kapena foni ikasowa pa kwaya, dzina loyamba kutchulidwa limakhala la mnyamata amene analakwapo kale ndipo analapa pamaso pathu tonse. Tinaimba naye, tinamulandira pa mgonero, koma mumtima sitinamukhululukire. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa ena otere amangosiya kubwera kutchalitchi osatsanzika, ife osafunsa n'komwe.

Malemba sanatisiye mumdima pa nkhaniyi. Pa Deuteronomo 19, mboni imodzi siikwanira kutsutsa munthu, pamafunika ziwiri kapena zitatu, ndipo oweruza ayenera kufufuza mosamala. Ngakhale mboni ziwirizo zitha kugulidwa: Naboti anaponyedwa miyala chifukwa cha munda wake wamphesa mboni zonama zitamunenera. Yosefe analowa m'ndende chifukwa cha chovala chomwe chinatsalira m'manja mwa mkazi wa Potifara, umboni wooneka ndi maso koma wabodza. Ophunzira atafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, Ambuye anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake, m'malo mwake anamuchiritsa.

Choncho ndikupempha izi. Makolo, mukamaonera masewerowa ndi ana, afunseni chifukwa chimene akuganizira munthu wakutiyo, aphunzire kusiyanitsa umboni ndi chidani. Amene muli ndi dandaulo lenileni, bwerani nalo kwa akulu ampingo kapena pitani kupolisi, osati pa gulu la WhatsApp. Ndipo ngati m'dera lanu muli gogo amene anthu ayamba kumunong'oneza, akulu a dera amuyendere sabata ino masana, anthu akuona, ndipo andidziwitse kuti nanenso ndikafike.

Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale nanu.

Ine mbusa wanu.